Erik Wakutchire

Mphepo ija inabwera masana, anthu atangotsuka mbale. Sona anali padenga lafulati la nyumba yake akufinya maapurikoti ofota kuti njere zituluke, ndipo anaiona ikutsika m'phiri itasenza fumbi. Sanatekeseke. Mwezi wa Julaye ku Malatya mphepo yotere si mlendo: imayoyola zipatso, imaulutsa mipango ya amayi, ikatopa n'kumapita. Iye anangotsindira nsalu zoyanikira ndi miyala, n'kukhalira thandala limodzi kuti lisauluke, uku akuitukwana chamumtima.

Chimene chinamuimiritsa ndi phokoso lochokera kumunda wakumtunda. Nthambi ikamathyoka imayamba yalira, n'kumang'ambika pang'onopang'ono. Ili linali lalifupi, phu! ngati munthu wazula chotsekera pabotolo. Linamvekanso, n'kumvekanso. Sona anatsika makwerero osavala nsapato, ndipo mawondo ake, amene masiku onse amadandaula ngakhale potsikira kukhola, tsiku limenelo anathamanga osafunsa.

Kumunda wakumtunda kunali mitengo isanu ndi iwiri yokha, koma mukanamuuza Sona kuti asankhe pakati pa mitengoyo ndi nyumba, akanayamba kutulutsa katundu. Inali ana a mtengo wa Battal, malemu mwamuna wake. Mtengo umenewo mudzi wonse unkaudziwa. Zipatso zake zinali ndi tsaya limodzi lofiira, ukaziyanika sizinkada, ndipo njere yake ukaiswa mkati mwake munali mokoma ngati mtedza. Battal anakatenga diso lake, kaphukira ka pa nthambi komezetsera, kumudzi wina wa m'mapiri akadali mnyamata, n'kulimezetsa kuseri kwa nyumba ya bambo ake, ndipo kuyambira pamenepo sanagawireko munthu diso ngakhale limodzi. Anthu anapempha, ananyengerera, wina anafika ndi nkhosa. Battal ankawathirira tiyi, n'kuwaperekeza mpaka pachipata chimanjamanja. Ngakhale mng'ono wake Vahap, wa bere limodzi, amene munda wake unangolekana ndi wa Battal ndi ngalande ya madzi, anamanidwa. Mulungu amukhululukire Battal. Anali munthu wabwino pa zambiri, koma pa mtengo umenewu anali womana wotheratu.

Mtengowo unakalamba limodzi ndi mwini wake. Chaka chimene Battal anagona osadzukanso, nawo unali ukuchucha utomoni thunthu lonse. Mawu ake omaliza sanali a mkazi kapena a mwana, anali a mtengo: Sona atenge maso asanaume, awamezetse pa tsinde la apurikoti wakutchire, uja wa njere yowawa, ndipo diso lisadzaoloke ngalande. Sona analonjeza. Mbande zomezetsapo analibe, ndipo kupempha kwa Vahap kunali kuphwanya lonjezo mtembo usanazizire. Choncho m'sabata ya maliro yomweyo anadula timitengo ta maso, n'kukulunga m'chiguduli chonyowa, n'kupatsa mkamwini wake Levent, amene kwawo ku Bursa anali ndi mnzake wa nazale. Levent anakaimirira kunazaleko mpaka mnzakeyo atamaliza kumezetsa, zotsala n'kutentha. Chaka chotsatira anafika ndi mbande zisanu ndi ziwiri m'galimoto, ndipo mtengo wakale unauma m'nyengo yozizira yomweyo ngati unkangodikira.

Mbandezo zinakula mothamanga. Chaka chachitatu zinali zitayamba kale kubala, zipatso zake zikuluzikulu kuposa za make, ndipo Sona sanasiye munthu wodutsa panjira osamuonetsa. Pansi, pamene mtengo unalumikizana ndi tsinde, panali potupa, koma iye anangounjikirapo dothi. Tsiku lina Vahap anaima tsidya la ngalande nati, "Alamu, mitengo yanuyi ikufulumira kwambiri." Sona anamuyankha kuti nsanje nayo imafulumira. Chaka chino, chachisanu ndi chimodzi, inabala mpaka nthambi kufuna mphanda.

Atafika pamunda anaima chilili. Mitengo isanu ndi umodzi inali pansi, yonse yogonera mbali imodzi, masamba akadali obiriwira, zipatso zili mbwee m'fumbi. Wotsala unali utapendekera. Sinazuke ndi mizu ayi. Zitsa zinali m'malo mwake, zazifupi ngati timipando ta ana. Anagwada, n'kupapasa chitsa chimodzi. Chinali chonyowa, chosalala ngati mbale. Mphepo sidula chotere, anaganiza, chodula chotere chimakhala ndi manja.

"Vahap! Vahap iwe! Tuluka kuno, njoka iwe!"

Awiriwa anali asanamwere tiyi pamodzi kwa zaka zambiri, ndipo chidani chawo chinayamba ndi nthabwala. Sona anakwatiwa kuchokera ku Igdir, kutali kum'mawa, kumene apurikoti amamutcha erik. Kuno erik ndi pulamu, chipatso china. Tsiku lake loyamba kulowa m'munda wa apongozi, mkwatibwi anakweza maso nati, "Koma erik wanu wabala bwanji!" Vahap, amene nthawiyo anali mnyamata wapakamwa, anaseka mpaka kugwa pamakwerero, ndipo dzina linamata: Mlamu Erik. Sona analuma lilime, n'kuphunzira kutcha apurikoti mishimishi ngati wina aliyense wa m'mudzimo, koma sanamukhululukire.

Vahap anatulukira m'mitengo yake akutsimphina, chipewa chili m'manja, tsitsi lili loyera ndi fumbi. Ataona zimene zinali pansi anaiwala kutseka pakamwa.

"Mulungu wamkulu! Alamu, n'chiyani chimenechi?"

"Ukundifunsa ine? Wadikira mphepo kuti ikubisire phokoso la sowo? Battal anakumana ali moyo, ndiye wati umulange ali m'manda?"

"Ine? Ndi mwendo uwu? Mitengo isanu ndi umodzi m'kanthawi komwera tiyi? Mukundipatsa ulemu wambiri, alamu."

"Usandiseke lero, Vahap. Lero ndikhoza kukupha."

Vahap sanaseke. Anaoloka ngalande, chinthu chimene sanachite chimwalirireni mkulu wake, n'kugwada movutikira pafupi ndi chitsa.

"Utuchi uli kuti?" anafunsa.

"Chiyani?"

"Sowo imasiya utuchi. Tandionetsani ngakhale kambewu kamodzi."

Panalibe. Vahap anagubuduza pang'ono thunthu logwalo kuti Sona aone kunsi kwake. Kunali kolowa mkati ngati chikho, ndipo chitsa chinali chotumphuka pamwamba, zoyenererana ndendende. M'mphepete monse munazungulira mzere wakuda.

"Izi sizinagwirane," anatero Vahap motsitsa mawu. "Zaka zonsezi zangokhala zitagundana. Chimazimanga ndi khungwa lokha."

Anafukula dothi ndi zala mpaka atapeza muzu, n'kuupala ndi mpeni wake. Mwana aliyense wakuno amadziwa kuti muzu wa apurikoti ukaupala umafiira ngati nyama. Uwu unali wotuwa. Vahap anapala wa chitsa chachiwiri, ndi wa chachitatu. Yonse inali yotuwa.

"Uyu ndi erik, alamu. Erik wathu wakuno, pulamu. Mitengo ya mkulu wanga yakhala itaima pa pulamu."

"Bodza!"

"Nunkhizani nokha. N'chifukwa chake imathamanga chonchija. Pulamu amakankha mtengo, umabala msanga, zipatso n'kumasangalatsa maso. Kwawo kwa a mkamwini anu, kudothi lonyowa, mitundu ina imamvana naye. Koma ina imamukana, ndipo sinena tsiku lomwelo. Imadikira chaka chimene yasenza katundu wolemera."

Apa n'kuti anthu atayamba kufika. Otchola zipatso a kumunda wakumunsi anabwera ndi zidebe zawo m'manja, n'kuima patali atagwira pakamwa. Kumbuyo kwawo kunali Hazal, mwana wa Sona, ndi mwamuna wake Levent, amene chaka chilichonse ankatenga tchuthi kuofesi n'kudzathandiza kukolola. Levent anali munthu wofatsa, wa manja ofewa, wovala chipewa cha mlaza chimene mudzi wonse unkachiseka. Ankapsompsona dzanja la apongozi ake pofika ndi pochoka, ndipo Sona ankamutamanda kwa anzake kuti mwana wake anatola mwayi.

"Iwe Levent."

Anthu anayang'anana. Chikwatirireni mwana wake, Sona anali asanamutchulepo munthuyu dzina lokha. Nthawi zonse anali "a mkamwini".

"Amayi?"

"Bwera kuno. Gwada. Uwu ndi muzu wa chiyani?"

Levent anagwada, n'kuyang'ana muzuwo ngati munthu amene wapatsidwa nyuzipepala ya chilankhulo china. "Sindidziwa mizu ine, Amayi."

"Sudziwa mizu! Nanga unadziwa chiyani pamene unanyamula maso a mwamuna wanga? Ndinakupatsa m'manja mwako, ndili m'misozi, chinthu chimodzi chokha chimene anandisiyira. Iwe ndi mnzako uja mwakachikhazika pa pulamu! Munaona kuti n'zotchipa? Kapena munati nkhalamba ya kumudzi sizindikira?"

"Amayi, chonde," anatero Hazal, "anthu akumva."

"Amve! Aitane ndi a tsidya lina amve!"

Nkhope ya Levent inali itayera ngati ufa. Anavula chipewa chija, n'kuchipinda m'manja. "Ine ndinachita chimene munandiuza, Amayi."

"Ndinakuuza pulamu ine? Ine mkazi wa Battal?"

"Munati erik wakutchire."



"Munanena kawiri," anapitiriza Levent. "Tinali pakhomo la khitchini, mutandigwira dzanja. Munati, mwananga, ukamuuze mnzakoyo amezetse pa erik wakutchire, osati china. Mnzanga uja anandifunsa ngati tikutsimikiza, chifukwa mtundu umenewu sanaudziwe. Ine ndinamukalipira. Ndinati apongozi anga anakulira m'mitengo, iwe chita chimene wauzidwa."

Sona anafuna kukana. Mpweya anali atakoka kale. Koma khomo la khitchini lija linamubwerera lonse: nsapato za olira zili mbwee pakhonde, fungo la ufa wokazinga wa pamaliro, chiguduli chikudontha pamapazi pake, ndi mawu ake omwe akutuluka m'kamwa mwake.

"Amayi," anatero Hazal pang'onopang'ono, nayenso maso ali tong'o, "sabata ija mumangolankhula za kwanu. Ngakhale ine mumanditchula dzina la mng'ono wanu."

Zinali zoona. Zaka makumi anayi Sona analimanga lilime lake kuti lisamuchititsenso manyazi, ndipo m'sabata imodzi ya chisoni linamasuka n'kubwerera kwawo osamutsanzika. Iye ankanena apurikoti wa njere yowawa, monga amamutchulira amayi ake. Mwana wa ku Bursa anamva pulamu wakutchire, amene a nazale amamezetsapo tsiku ndi tsiku. Palibe ananama, palibe anaba. Mitengo ya Battal anaipha ndi iye mwini, ndi liwu limodzi, ndipo zaka zonsezi wakhala akuitanira anthu kuti adzaone.

M'khosi mwa Vahap munatuluka kaphokoso, chiyambi cha kuseka kwake kwakale kuja, koma anakameza. Anatembenukira kumbali n'kupukuta nkhope ndi chipewa.

Levent, posowa chochita ndi manja ake, anaona mtengo wotsala uja utapendekera. Anatola mphanda, n'kuthamangira komweko. "Uwu tiupulumutsa, Amayi! Tangouwongola!"

"Osaukhudza!" anakuwa Vahap.

Anachedwa. Levent anali atalowetsa kale phewa pansi pa nthambi yaikulu n'kukankha ndi mtima wake wonse wabwino. Phu! Mtengo unasiyana ndi chitsa chake, n'kugona mwaulemu mbali inayo, zipatso zikugubuduka mpaka m'ngalande. Mayi wina mwa otchola aja anakuwa. Levent anatsala ataima ndi mphanda m'manja, akuyang'ana chitsa. Sona anakhala pansi pomwepo, miyendo itatambasuka m'fumbi. Anasowa mtengo wogwira, ndipo apa sitikunena mwambi.

Woyamba kubwerera m'nzeru anali Vahap. "Kulira tilira mawa. Maso akadali moyo, koma masamba akuwayamwa madzi. Hazal, mwana wa mkulu wanga, thamanga ukatenge chiguduli ndi mpeni wa bambo ako. Inu a mkamwini, ikani mphandayo pansi musanagwetse china."

Vahap anadula nthambi za chaka chino, zowongoka, n'kusadza masamba, n'kuzikulunga m'chiguduli chimene anaviika m'ngalande. Mtengo wonse wa Battal, umene anthu ankabwerera ndi nkhosa, tsopano unali kamtolo kokwana m'khwapa. M'kutentha kwa Julaye kamtolo kotere sikadikira munthu. Kakagona kawiri katatu, maso afa.

"Ndithamangire nako kutauni, kunazale," anatero Levent.

Sona anangomuyang'ana, ndipo Levent anabwerera m'mbuyo. Kupatsanso mlendo, kuti akamezetse pa tsinde limene iye sanalione muzu wake? Ndipo wa nazale wakuno akanalizindikira diso limenelo, chaka chamawa likanakhala m'munda uliwonse. Sona anadzuka, n'kulanda kamtoloko ndi mpeni wa Battal wa chigwiriro cha nyanga, n'kutsikira yekha kumunda wakumunsi.

Kumeneko kunali mitengo yake yakale ya maapurikoti wamba. Diso limatha kusungika pa nthambi yanthete ya mtengo wina mpaka utapeza pabwino poliika, bola khungwa lilole kutseguka. Sona anasankha nthambi, n'kucheka, n'kulowetsa nsonga ya mpeni kuti atukule khungwa. Linakana. Anakakamiza, ndipo linanyotsoka. Anayesa mtengo wina, n'winanso, mpaka kumapeto kwa mzere. Paliponse khungwa linali litamatirira ngati la nkhuni. Chifukwa chake ankachidziwa bwino. Chilimwe chonse, likafika tsiku lake lolandira madzi a m'ngalande, ankawatsekera onse kumtunda kwa ana a Battal, n'kusiya nkhalambazi kuti zidzionere zokha. Mtengo waludzu sutsegula khungwa, ndipo ngakhale akanauthirira tsiku lomwelo, pomadzalola n'kuti maso atauma kale.

Anakwera kubwerera kumtunda dzuwa litapendeka. Otchola aja anali atabwerera kuntchito, Hazal atatenga mwamuna wake kukamukhazika pamthunzi wa khoma. Sona anaviikanso chiguduli m'ngalande, n'kukhala m'mphepete, mapazi ali m'madzi. Mantha amene anali nawo tsopano anaposa a masana aja. Masana anali ndi munthu womukalipira.

Tsidya lina, pamtunda wongolumpha, Vahap anali atakhala pachidebe chovundikira. Kumbuyo kwake kunali mzere wa mbande za apurikoti wakutchire, zonenepa ngati chala chaching'ono, masamba ali biriwiri, dothi lake lakuda ndi chinyezi. Sona anali ataziona kale. Ankayesetsa kuti asaziyang'ane.

"Lakana khungwa?" anafunsa Vahap.

"Lakana."

"Izi ndinathirira dzana. Ndimati ndimezetse sabata yamawa."

"Sindinakufunseni."

"Inenso sindikupempha, alamu. Kupempha ndinasiya mwini wake ali moyo. Ndikungonena kuti zilipo. Mukafuna, mezetsani ndi dzanja lanu zisanu ndi ziwiri, masamba akadzayoyoka mudzazule, mudzabzale kwanu. Ine sindidzakhudza."

"Ndinalonjeza munthu akufa, Vahap. Diso lisaoloke ngalande."

"Ndikudziwa. Ndinali panja pazenera. Mkulu wanga mpweya unali utatha, koma wondimana ine unapezeka."

Madzi ankadutsa pakati pawo atanyamula maapurikoti a tsaya lofiira. Kenako Vahap analoza ndi chibwano kumunsi, kuseri kwa nyumba yakale ya bambo awo, kumene kunali chimtengo chokhota chimene ana okha ndiwo ankachigenda.

"Mukuuona wowawa uja? Njere za mbande izi ndinatola pansi pake. Ndi umenenso ndinatolapo ndili kamnyamata, n'kubzala njere zitatu kuseri kwa nyumba. Inamera imodzi. Ndinkaithirira ndi ketulo ya amayi, mpaka kumenyedwa chifukwa cha ketuloyo. Tsiku lina ndikuchokera kobusa ndinapeza Battal waicheka, waikamo diso lake la kuphiri, wamanga. Sanandipemphe. Anangoti, usakhudze, ndi wanga."

Sona anatembenuka n'kumuyang'ana kumaso, mwina koyamba m'zaka zambiri. "Mukunama."

"Ndiname chifukwa chiyani, pa msinkhu uno?"

"Battal sanandiuzepo zimenezo."

"Akanakuuzani? Ankauza anthu za phiri, za chipale chofewa, za bulu amene anakwera. Za tsinde ndani amafunsa? Anthu amayang'ana kumwamba kumene kuli zipatso." Vahap anagwedeza phewa. "Mtengo wa Battal unaima pa muzu wanga moyo wake wonse, alamu, ndipo mphepo zonse za phiri ili zinaulephera. Ine sindinalaweko ngakhale diso."

Sona anamva ngati wamenyedwa kachiwiri tsiku limodzi. Anali atagona pafupi ndi munthu uja zaka zonsezo, kumva nkhani ya bulu mpaka kuiloweza, ndipo sanadziwe. Anakwiya naye Battal, mkwiyo weniweni, umene sanayerekeze kukhala nawo chimuikireni m'manda. Kenako anamumvera chisoni, chifukwa ankamudziwa: munthu amene anali ndi chinthu chimodzi chomutchukitsa, n'kumaopa usana ndi usiku kuti akachigawa atsala wamba.

Anayang'ana kamtolo kaja. Akasunga mawu a Battal, mtengo wa Battal ufera m'chiguduli. Akasunga mtengo, waphwanya mawu. Zonse ziwiri sizikanatheka, ndipo wokamufunsa analibe.

"Udzandifunse ndikabwera kumeneko," anatero motsitsa, osati kwa Vahap koma kwa Battal. "Nanenso ndili ndi zokufunsa."

Anakwinya chovala chake, n'kuimirira m'madzi, n'kuoloka. Ngalandeyo inali yosafika n'komwe m'mawondo.

Sanayambe n'kucheka. Anagwada pa mbande yoyamba, n'kufukula dothi ndi zala, n'kupala muzu ndi mpeni wa Battal. Unafiira. Anapita pa yachiwiri, n'kupalanso. Vahap sanadandaule kuti akumuonongera mbande, anangomutsatira ndi chidebe chake.

"Wofiira?" anafunsa.

"Wofiira."

"Erik ameneyo, alamu," anatero Vahap. "Wa kwanu."

Sona anadikira kuseka kuja. Sikunabwere. Anaweramitsa mutu kuti Vahap asaone nkhope yake, n'kupukuta tsinde ndi mpango.

"A mkamwini!" anaitana osatembenuka. "Mukhala pakhomapo mpaka liti? Bwerani ndi luzi. Kumanga mfundo mumatha, si choncho?"

Levent anabwera chothamanga, n'kulumpha ngalande, n'kutera m'matope ndi nsapato zake za kutauni. Palibe anamuseka.

Sona anacheka tsinde loyamba, ndipo khungwa linatseguka lokha, lonyowa mkati. Anasenga diso pa kamtengo, n'kuligwira ndi milomo kuti lisaume pamene akukonza malo, n'kulilowetsa, n'kulitsindira ndi chala. Levent anamanga, ndipo Sona anamumasulitsa kawiri mpaka atamanga bwino. Anapitirira chotero mbande ndi mbande. Kumzikiti kunamveka kuitana kwa pemphero lamadzulo iwo ali pa yachisanu ndi chiwiri.

"Zakwana," anatero Vahap, akudzuka pachidebe. "Ndiika miyala kuti tizizindikire. Zotsalazo mutenge, mukatenthe nokha, musadzati ndinabisa."

Sona sanadzuke. Anasuntha ndi mawondo kufika pa mbande yachisanu ndi chitatu, n'kuipukuta, n'kuicheka. Anasankha kamtengo konenepa bwino, n'kusenga diso la pakati, lokhwima kuposa onse. Koma sanaliike pamilomo. Analisiya pansonga ya mpeni, n'kutembenuza chigwiriro cha nyanga chija kuloza kwa Vahap.

Vahap anayang'ana mpeniwo, n'kuyang'ana Sona.

"Alamu..."

"Likuuma. Gwadani."

Anagwada, mwendo wodwala uja uli tambalale. Anatambasula dzanja n'kulandira chigwirirocho, koma diso linayamba kutsetsereka pampeni.

"Gwirani bwino, nkhalamba inu!" anakalipa Sona, misozi ikutsika osaipukuta. "Mwadikira zaka zonsezi kuti mudzaligwetse m'matope?"

Anamugwira pamkono kuti dzanja likhazikike, ndipo Vahap analowetsa diso m'khungwa.